Msonkhano Wonse Chifukwa cha Khungu la Orla

Lolemba, 9 Juni

Mvula. Ya kuno, yosagwa kwenikweni komanso yosaleka.

Ndikuchapa. M'thumba la jekete ya Tadala ndikupezamo timagalasi takuda, tating'ono ngati zitsekerero za botolo, tomangidwa pa kachingwe ka mphira. Ndikutidziwa. Amativala m'maso pogona pa sanibedi, bedi lamagetsi lija azungu amalipira kuti liwawotche khungu mpaka lide.

Mwana wanga ali ndi zaka 16 ndipo ndi wakuda kuposa ine. Ndikumufunsa. Maso ali pafoni: "They're Orla's, Mam. Ndangomusungira."

Orla! Mnzake wa Tadala kuyambira kupulayimale konkuno ku Santry. Tsitsi lofiira, khungu loyera ngati chinangwa chosenda, timadontho pamphuno. Amadya kwathu kanayi pa sabata. Amanditchula Anti. Amadziwa kunena "zikomo" ndi "ndakhuta", ngakhale mawu achiwiriwo amawanena mbale ili kale m'manja kudikira zina. Mwezi wamawa ndi mperekezi paukwati wa msuweni wake, diresi lake ndi losabisa msana, ndiye akuti sangalivale ali mbuu.

Ndakhala ndikuona kuti akusintha mtundu. Ndimati ndi mafuta a m'botolo aja odetsa khungu. Namwino wa zaka 19 pantchito, osaona!

Zimene ndikudziwa:
1. Lamulo la dziko lino limaletsa mwana wosakwana zaka 18 kugona pa sanibedi kumalo ochitira malonda amenewa.
2. Khungu silimaiwala. Lowotchedwa paubwana limadzabweza khansa mwini wake ataiwala kalekale.
3. Kunyumba ya okalamba ku Drumcondra kumene ndimagwira ntchito, ndimatsuka makutu odulidwa theka a azibambo amene analima moyo wawo wonse opanda chipewa.
4. Orla si mwana wanga.

Vuto ndi nambala 4. Kwathu ku Lunzu, mayi aliyense wokupeza ukulakwa ankakukoka khutu mpaka pakhomo panu, amayi ako n'kumuthokoza, n'kukoka khutu linalo. Kuno ukadzudzula mwana wa mwini, sudziwa chimene chikutsatire. Amake Orla takhala tikupatsana moni pageti la sukulu zaka khumi, koma m'nyumba mwawo sindinalowemo. Ndikayambira pati? Kuti mwana wanu akudziwotcha? Ndiye kuti ndawauza kuti sadziwa kulera.

Nzeru yabwera ndikuyanika zovala pa hita. Kwathu munthu samulangiza payekha maso ndi maso. Amaitana gulu, nkhani amaiponya pakati, mwini wake amaitola yekha popanda kuchita manyazi. Basi. Loweruka, 2 koloko, muholo ya tchalitchi: phunziro la achinyamata, "Dzuwa ndi Khungu Lanu". Aliyense abwere ndi mnzake wachizungu.

Bambo a Tadala akuti, "Msonkhano wonse chifukwa cha mwana mmodzi?"

Iwo za ndondomeko sazidziwa.

Lachiwiri, 10 Juni

Masilaidi 42. Ndachotsapo atatu a zilonda, owopsa kwambiri. Ndabwezeretsa awiri.

Zofunika:
pulojekita (ya abusa, chingwe chake chinasowa)
chingwe
mapepala ogawa, Chichewa mbali ino, Chingerezi mbali inayo
mafuta oteteza ku dzuwa, oonetsera
mipando 40
Orla

Ndikuimbira Mayi Nachisale a ku Blanchardstown, wapampando wa amayi. Popanda iwo holo sitsegulidwa. Akuseka mpaka kutsokomola.

"Anesi, khansa ya dzuwa? Kuno? Dzuwa lake liti? Ine chibwerereni ndaliona kanayi."

Ndikufotokoza kuti mitambo sitchinga zonse. Kuti ngakhale ife akuda imatigwira, kuphazi, m'chikhatho, pansi pa chikhadabo, ndipo timaizindikira mochedwa chifukwa timati si yathu. Akuti chabwino, mwaphunzira ndinu. Koma pakhale pemphero lotsegulira, kwaya, mawu a wapampando, ndi chakudya, "chifukwa Amalawi sabwerera masilaidi."

Ola langa latsala mphindi 35. Ndikuyeserera pagalasi, ndikumaliza pa mphindi 58.

Koma funso lawo lija landikhala. Dzuwa lake liti? Kwathu mu Okutobala malata ankalira okha, the! the! ngati wina akuponya timiyala. Phula la mumsewu wa ku Blantyre linkamata patapata. Nyenje kulira mpaka m'makutu kuwawa. Amayi kuyanika mphale pamkeka, ine ntchito yanga kuthamangitsa nkhuku, nditadzifunditsa chitenje kumutu, ndikudya mango aawisi ndi mchere. Palibe ankalifuna dzuwa. Mthunzi tinkalimbirana. Munthu akanabwera ndi makina ogulitsa dzuwa pa Lunzu, akanamuperekeza kuchipatala cha amisala mwaulemu wonse.

Ndauza Tadala kuti aitane Orla. Akuti, "Why?" Ndati chifukwa ndi wachinyamata. Wandiyang'ana nthawi yaitali.

Lachitatu, 11 Juni

Tsiku lopuma kuntchito. Ndikuganiza: phunziro ndi phunziro, koma lamulo lilinso ndi mano. Pafupi ndi sitolo imene timagulako pali malo a masanibedi. Ndipite ndikaone ngati amafunsa zaka. Ngati safunsa, ndilemba kalata kwa akuluakulu a zaumoyo, dzina langa osaikapo.

Ndavala magalasi akuda. Kukugwa mvula.

Pakhoma pali chikwangwani chachikulu: osakwana zaka 18 saloledwa. China chochenjeza za khansa. Patsogolo panga pali mtsikana wa yunifolomu ya sukulu pansi pa jekete. Mayi wa pakauntala akumufunsa chiphaso. Alibe. Akumubweza, osaseka n'komwe.

Lamulo likugwira ntchito! Ndakondwa, kenako ndakhumudwa, chifukwa kalata ndinali nditayamba kale kuilemba.

Ndiye mayi uja akutembenukira kwa ine. "Are you all right there, love?"

Ndikanatha kunena kuti ndangobwera kudzafunsa. Ndikanatha kutuluka. Koma munthu wakulandira ndi nsangala, kumbuyo kwanga kwaima anthu awiri, ndipo ine ndinaleredwa kuti sulowa pamalo a munthu n'kutuluka chimanjamanja ngati kazitape. Pakamwa panga patuluka: mphindi zitatu.

Wandiyang'ana nkhope. Wandiyang'ana manja. Wandipatsa fomu yofunsa mtundu wa khungu. Ndachonga bokosi lomalizira, ndipo ndikuona kuti bolopeni sinafikepo pamenepo chitsegulire malowo.

M'kachipinda. Makina akulira ngati firiji ya m'bucha, kuwala kwa buluu. Ine ndakhala pampando pakona, nditafulatira, jekete ili m'thupi, chikwama pamiyendo, mpango kumutu mpaka kumaso. Mphindi zitatu ndi zambiri.

Potuluka, pakhomo penipeni, a Tembo, a ku Zambia aja amene amayendetsa vani ya maphasulo, oimba besi mukwaya yathu. Ayang'ana chikwangwani, ayang'ana ine.

"Ba sisita! Nanga imwe muchita chani muno? Simunakwane kuda?"

Ndati ndi kafukufuku. Akuti, "Ehe, kafukufuku," uku akutulutsa foni.

Pofika 4 koloko, pagulu la amayi la pafoni pali mauthenga 63. Sindinawerenge. Ndawerenga.

Lachinayi, 12 Juni

Kuntchito ndikudzoza mafuta oteteza ku dzuwa agogo onse okhala pafupi ndi zenera. Mmodzi akufunsa ngati tikupita ku Spain.

Madzulo ndikuuza Tadala kuti malo aja amatsata lamulo, ndiye Orla amalowa bwanji? Wapumira m'mwamba. Akuti sapita kumeneko. Azakhali ake ali ndi sanibedi yawoyawo yakale m'chipinda chakumbuyo, pamene amaunjikapo zovala zosasita. Orla ali ndi kiyi chifukwa amakadyetsa mphaka azakhaliwo akakhala kuntchito.

Palibe chikwangwani. Palibe wofunsa chiphaso. Palibe wowerenga mphindi. Mphaka yekha.

Kangati pa sabata? "I don't know, Mam. Katatu?"

KATATU.

"Ukanena kuti ndakuuza, I'm dead."

Ndalonjeza kuti sinditchula dzina la munthu. Ndiye ubwino wa msonkhano umenewo.

6 koloko Orla wafika, wavula nsapato pakhomo monga ndinamuphunzitsira ali ndi zaka 7. Mpunga ndi nyemba. Ndikumuyang'ana pakhosi. Mtundu wa njerwa yosapsa bwino. Timadontho takuda paphewa: ndawerenga tisanu n'kamodzi asanatembenuke. Ndikanakhala ndi rula!

Ndikuyesa kuponya nkhani pakati, mwa kwathu. Ndikuti chimanga chowotcha ukachifulumizitsa pamoto chimada kunja koma m'kati chimakhala chitawonongeka. Orla akuti amachikonda chimanga chowotcha, kodi ndingadzawotche Lamlungu? Bambo a Tadala atsamwa ndi madzi.

Za Loweruka akuti abwera, "if I'm around, Anti."

Ndawonjezera silaidi ya 42: makina a m'nyumba za achibale. Yopanda chithunzi cha mphaka, kuti zisaonekere.

Lachisanu, 13 Juni

Wailesi: mawa kuwala tsiku lonse, madigiri 24.

Dziko lonse lapenga. M'basi anthu akulankhulana ndi osawadziwa. M'sitolo makala owotchera nyama atha. Mnzanga wa kuntchito wasintha shifiti kuti akagone pakapinga. Kwathu madigiri 24 timavala juzi.

Mauthenga akuyamba kulowa:
"Anesi pepani, ana akuti akupita kunyanja."
"Tiyesetsa."
"Kodi ndi mawa?"
"Tiyesetsa ndithu."

"Tiyesetsa" ndimamudziwa. Sanafikepo pamsonkhano uliwonse.

Chingwe cha pulojekita chapezeka. Si chake.

Ndakhala patebulo kupinda mapepala ogawa, 40, ndipo maganizo apita kwa Esinati. Sindinamuike pa silaidi iliyonse. Mwana wa amalume, wachialubino, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi. Tinkayenda limodzi kupita kusukulu, ambulera imodzi yothyoka nthiti ziwiri. Dzuwa ankalitchula apongozi. Likangotuluka m'mitambo: "Apongozi abwera, tiyeni tipatuke!" n'kudumphira pansi pa mtengo, ife kuseka mpaka kugwetsa makope. Masamu anga onse a sitandade 6 anali ake. Ankaimba alito. Ankaba nzimbe bwino kuposa anyamata, ngakhale ankaoneka patali.

Za mafuta oteteza ku dzuwa sitinkazidziwa. Ankamudzoza mafuta wamba omwe tonse tinkadzola, n'kupita kumunda. Milomo kung'ambika chaka chonse.

Ndili chaka chachiwiri kukoleji ya unamwino, ndabwera kuholide, ndikuona kachilonda kuseri kwa khutu lake. Akuti kakhala miyezi isanu. Ine ndinali nditangoona kumene chithunzi chake m'buku. Dzina la matendawo ndinkalidziwa, kalembedwe kake komwe. Koma amalume anali atanena kale kuti ndi zochita anthu, ndipo akuyenda naye kwa asing'anga. Mtsikana wa zaka 21 akawatsutse amalume pakhonde pawo? Ndinati ndidikira mpata wabwino. Ndinati ndiuza amayi, amayi auze azakhali, azakhali akanene mwaulemu. Uthenga unayenda bwino ndithu, mwaulemu wonse, n'kukafika chaka chinacho.

Anamwalira ali ndi zaka 26.

Mapepala ndapinda mokhota. Ndayambiranso.

Loweruka, 14 Juni

Kumwamba kulibe kamtambo. Zaka zonsezi ndakhala ndikulipempha dzuwa limeneli, labwera lero.

10 koloko: Tadala ndi Orla akupita kugombe ku Portmarnock "pang'ono chabe", abwerako isanakwane 2. Ndaika botolo la mafuta m'chikwama cha Tadala. Ndaikanso lina m'thumba la pambali.

1:15: ndili muholo. Mipando 40, mizere isanu, pepala pampando uliwonse.

2:00: ine.

2:40: ine ndi bambo wokalamba wachiairishi wosamalira holo, amene akuti amatseka 5 koloko.

3:20: Mayi Nachisale ndi mapoto. "Anesi, mwalawiriratu!"

Amene afika pomaliza: amayi asanu ndi mmodzi, a Tembo, makanda awiri. Wachinyamata wamng'ono kwambiri wodziwa kulankhula ali ndi zaka 44.

Pemphero, mphindi 14. Kwaya, nyimbo zitatu, yachitatuyo kawiri. Mawu a wapampando: mbiri ya gulu, nkhani ya nsalu ya yunifolomu, ndi chenjezo kwa amene amabwera mochedwa. Ine ndapatsidwa mphindi 9.

Ndayatsa pulojekita. Yayaka! Koma holo ilibe makatani, ndipo dzuwa likulowa pazenera n'kugwera pakhoma pomwepo. Masilaidi 42, osaoneka ngakhale imodzi. Ndikuloza khoma loyera: apa pali kadontho kosalingana m'mbali. Amayi akugwedeza mitu mwaulemu.

Mafunso. A Tembo akweza dzanja. "Ba sisita, tiuzeni chabe, m'kati muja mumamveka bwanji?"

Holo yonse pansi. Kenako mayi wina akuti zodabwitsa, kwathu atsikana akudzola mafuta oti ayere, kuno akugona pamoto kuti ade, bwanji osangosinthana? Nkhani yakhotera kumeneko ndipo sinabwerere. Aliyense ali ndi msuweni amene anayera nkhope n'kutsala zala.

Womvera mmodzi yekha: bambo wa makiyi uja, amene Chichewa samva. Watenga pepala, wawerenga mbali ya Chingerezi, wandionetsa chipsera pamphuno. "They took a lump out of me there." Wapempha mapepala ena atatu a zidzukulu zake.

Mandasi atha onse.

7 koloko, dzuwa likadalipo. Atsikana afika. Mabotolo onse awiri ali chitsekere. Orla akuyenda manja atatambasula ngati nkhuku yonyowa. Msana wofiira ngati nyama ya pambale, mizere iwiri yoyera ya malamba, paphewa matuza ayamba kale. Khungu lowotchedwa ndi makina katatu pa sabata, lero lawotchedwanso maola asanu ndi awiri.

Ndamugoneka chafufumimba pasofa. Thaulo lonyowa, madzi akumwa, mankhwala a ululu. Khungu likutentha m'manja mwanga ngati chitsulo chositira.

Akulankhula nkhope ili m'pilo: "It's grand, Anti. It'll go brown."

Akuti zili bwino, lisanduka lakuda. Akuti zamuchepetsera ntchito.

Ndatsegula pakamwa. Tadala wandiyang'ana. Ndatseka. Ndasintha thaulo.

Lamlungu, 15 Juni

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Mayi wina wandinong'oneza kuti ndikuoneka kuti ndada bwino.

Potuluka sindinapite kunyumba. Ndadutsa kusitolo, ndagula keke, chifukwa pakhomo pa munthu supita manja lende. Nyumba ya amake Orla ili mphindi zisanu ndi imodzi kuchokera kwathu. Ndayenda mphindi 25. Ndadutsa pageti kawiri. Galu wa nyumba yoyandikana wayamba kundizolowera.

Atsegula atavala zogonera, kapu m'manja. "Ah, it's yourself! Come in." Ngati ndimabwera tsiku ndi tsiku.

Mawu oyamba ndinali nditawakonza: nyengo, sukulu, ukwati, kulera ana masiku ano, kenako pang'onopang'ono. Ndakhala pampando, keke ili pamiyendo, ndipo zatuluka zonse kamodzi, m'Chingerezi chothyoka ngati ndafika dzulo. Orla amagona pa sanibedi kwa azakhali ake. Katatu pa sabata. Ali ndi zaka 16. Ndinataya m'bale wanga ndi matenda amenewa chifukwa ndinachita ulemu.

Sizinakwane mphindi imodzi.

Aika kapu pansi. Ankaganiza kuti ndi mafuta a m'botolo, iwonso. Akuti bambo awo anawadula kanthu pamsana kawiri. Kenako: "How long do you know?" Ndati kuyambira Lolemba. "And why didn't you knock on Monday?"

Bwanji sindinagogode Lolemba. Ndikanawafotokozera za Lunzu, za holo, za mipando 40. Ndangoti ndinali wotanganidwa.

Aimbira azakhali a Orla aja ine ndili pomwepo. Mawu ena amene anenedwa pafoniyo sindingawalembe m'buku lino. Pulagi ya makina idulidwa lero. Kiyi abweza. Mawa apita naye kwa dokotala akaone matuza ndi timadontho tija. Keke sitinaidule, koma andikumbatira pakhomo, mwamphamvu, mpaka magalasi anga kupindika.

Orla anamva zonse ali pamasitepe. Sanatsike. Ndangomva chitseko cha m'mwamba, phwaa!

Kunyumba Tadala wadzitsekera. Kudzera pachitseko: ndinalonjeza, ndamuwonongera moyo, Orla wamuchotsa pafoni, ndipo wanena kuti m'nyumba muno sadzapondamonso. Ndafunsa kuti mpaka liti. "Forever, Mam."

N'zoona, ndinalonjeza. Ndapepesa chitseko.

Bambo a Tadala akuti zitha, ana ndi ana. Mwina. Pa zaka 16, mpaka muyaya nthawi zina amakhala masabata atatu. Nthawi zinanso amakhaladi mpaka muyaya, ndipo ndikamadzakumana naye pasitolo azidzayang'ana kumbali, mwana amene ndinamuphunzitsa kudya ndi manja.

Andide. Bola adzakalambe akundida.